Akadzidzi a m'shedi ya a Pensulo

A Pensulo a ku Chiwaridzo anagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka makina obowolera miyala anawagonthetsa khutu lamanzere. Munthu akamalankhula amapendeketsa mutu ngati kadzidzi, ndipo mukawaseka sakwiya. "Nayenso makutu ake ngosiyana, lina m'mwamba lina m'munsi, n'chifukwa chake amamva khoswe ali pansi pa udzu. Ndi m'bale wanga ameneyo."

Chibalecho sichinali chapakamwa pokha. M'shedi yawo ya chimanga munkakhala akadzidzi awiri, ndipo chibwerereni mbalamezi makoswe anasiya kuboola matumba. M'mawa a Pensulo ankatola timibulu ta ubweya ndi mafupa timene kadzidzi amalavula akameza khoswe wathunthu, n'kumakaonetsa akazi awo, a Iness, monyada ngati apha okha.

Zinavuta Loweruka limene akuchimuna ochokera ku Madziwa ankabwera kudzafunsira mwana wawo Daisy. A Iness anachita kuwagwadira. "Bambo a Daisy, tengani chikuni chamoto mukapirikitse akadzidzi aja. Alendowa akaona mazizi amenewa pakhomo pano adzati ndife afiti, mwanayu akalambira m'nyumba muno."

A Pensulo anatengadi chikuni, koma atasuzumira anapeza tiana titatu toyera mbuu, tosiyana misinkhu poti mazira a kadzidzi saswa tsiku limodzi. Chisoni chinawagwira. Anazimitsa chikunicho, n'kutchinga pakhomo pa shedi ndi chiguduli, n'kukanama kuti athana nazo.

Kabisidwe kake kanali kachibwana. Zokambirana zili mkati, alendo akuwomba m'manja mwaulemu, tiana tija tinayamba kulira kuti fwiii ngati tayala lobooka. A Pensulo, ndi khutu lawo lija, sanamve kanthu. Anangodabwa kuona a Iness atagwira kumutu, Daisy misozi ili lengelenge.

Amalume a mnyamata, a Ngoni, anadzuka n'kukakweza chiguduli chija. Anayang'ana tianato, kenako matumba osabooka aja, kwa nthawi ndithu.

"Baba, kwathu makoswe atimaliza, chimanga sichifika Disembala. Tikakula timeneti mutigawireko tiwiri."

A Pensulo anaseka mpaka kutsokomola. "Kadzidzi sagawidwa, amasankha yekha pokhala. Kakhomeni bokosi mumtengo, muleke kuwagenda, abwera okha." Kenako anacheukira Daisy. "Uyunso wasankha yekha. Mukamusunga bwino, akhala."

Nthungululu imene anaimba a Iness inalowa ngakhale m'khutu logontha lija.