Aphunzitsi Otumbula Nkhuku

Ku Kanakantapa kuli aphunzitsi ena opuma ntchito amene nkhuku ikafa saitaya asanaitumbule. Amakhala pansi pa mtengo wa mango, mpeni kumanja, n'kuyala ziwalo pa tsamba la nthochi: uwu mtima, ichi chiwindi ndi ndulu yake yobiriwira, awa mapapo omata kunthiti. Aliyense wodutsa amasanduka mwana wasukulu. "Nyama sinama mukati," amatero, ngakhale anthu anatopa nazo kalekale.

Chaka chino chitopa chalowa m'khola mwawo. Akhala akutumbula tsiku ndi tsiku, mawu akucheperachepera. Thadzi lomaliza litafa, mayi woyandikana nawo, ba Mutinta, anaima pampanda.

"Ba Ticha, lelo mwapezamo chani?"

Aphunzitsi anayang'anitsitsa m'kati mwa thadzilo. M'mimba munali mazira opanda zigoba, achikasu, ondondozana kuyambira lalikulu mpaka ting'onoting'ono ngati mapira. Amenewo ndiwo anapiye omwe ankayembekeza kuti adzadzazanso khola.

Anapukuta mpeni pa udzu n'kuusiya pomwepo.

"Amai, chiwalo chilichonse nichidziwa dzina, koma dzina silinapulumutseko nkhuku olo imodzi. Nibwelekeniko khasu, nikumbe."