Mmene Ndinakhalira Bambo a Phala

Ntchito yanga inatha mwana wathu wamkazi ali ndi miyezi isanu. Sanandichotse ayi. Kontirakiti inangofika kumapeto, ndipo bungwe lomwe ndinkaligwirira ntchito ku City Centre linati lidzandiitana pulojekiti ina ikadzapezeka. Mkazi wanga anali atabwerera kale kuntchito yake ya boma ku Capital Hill. Tinkakhala ku Area 3, m'kanyumba kakuseri kwa nyumba yaikulu, pansi pa mtengo wa mapeyala. Mtsikana amene ankatilerera mwana anapita kwawo kukakwatiwa, ndiye tinafunsana kuti tifunirenji wina pamene ine ndikungokhala pakhomo. Umu ndi mmene ndinakhalira mlezi.

Mwanayo atafika poyamba kudya, tinamugulira phala la m'makatoni, lija lokhala ndi chithunzi cha khanda lonenepa. Linali losavuta: kungothira madzi ofunda, kutakasa, basi. Analikonda kwambiri, mpaka ankagwedeza miyendo akangoona katoniyo. Koma china chilichonse anayamba kukana. Dzungu ankalavula, phala la mgaiwa ankatseka pakamwa n'kutembenukira kukhoma. M'mimba namo munkauma, ankalira pochita chimbudzi. Tsiku lina ndinanyambita supuni yake. Kutsekemera kwake kunali ngati switi. Ndinaima pakhomo la khitchini supuni ili m'manja, ndikudzifunsa kuti ndani angafune dzungu atazolowera zoterezi.

Tsiku la sikelo ndinapita naye ndekha. Pa benchi ponse mwamuna ndinali ine ndekha, ndipo mwana ndinali nditamubereka mopendekeka, mutu uli cha kukhwapa. Mayi wina anadzuka osandifunsa, namasula chitenje, namukweza bwino, namanganso.

“Amake ali kuti?” anandifunsa.

“Ali kuntchito.”

“Nanga inu?”

“Ine ntchito yanga ndi yomweyi.”

Benchi lonse linaseka, inenso ndinaseka nawo. Anamwino atamuyeza anati thupi silinatsike, koma silikukweranso mmene liyenera kukwerera. Nditawafotokozera zimene amadya, anati, “Bambo, yambani kumukonzera nokha. Musakanize zakudya zakasinthasintha, ndipo shuga ndi mchere musathire. Apitirizenso kuyamwa.”

Pafupi ndi ine panali mayi wina wachete, atanyamula mwana wa tsitsi lofiira lapatalipatali, mapazi otupa. Anamwino anawatengera pambali n'kuwalembera kuti akagonekedwe kuchipatala. Mwanayo anandikumbutsa mng'ono wanga, amene anamwalira ine ndili ku pulayimale, chaka china cha njala kumudzi kwathu. Tsitsi lake linali lotero, mapazi akenso. Pa nthawiyo akuluakulu ankati ndi tsempho. Ndinali ndisanaganizepo za iye kwa zaka zambiri, koma tsiku limenelo ndinayenda naye mumtima njira yonse yobwerera kunyumba, mwana wanga akugona kumsana.

M'mawa mwake ndinawoloka mlatho kupita kumsika waukulu wa ku Old Town. Ndinaima pa benchi ya bambo wina wachisilamu wogulitsa soya, mtedza, mawere ndi mpunga.

“Soyayu ndi wa nkhuku, achimwene?” anandifunsa akutunga ndi mbale.

“Ayi, ndi wa uyu ali kumbuyoyu.”

Anasuzumira kumsana kwanga, nabweza soya uja m'thumba, natsegula thumba lina lomwe linali pansi pa benchi. “Ndiye tengani uyu, ndi wa chaka chino.” Kuyambira pamenepo sindinagulenso kwina. Ndinaphunzira kuti Lachisanu ndizipita m'mawa, chifukwa masana amaphimba katundu ndi lona n'kupita kumzikiti.

Phala langa loyamba linali loipa zedi. Soya sindinamukazinge mokwanira, ndipo linkanunkha nyemba zaziwisi. Mwana analandira supuni imodzi, nandiyang'ana, nalibweza lonse pa malaya anga. Phala lachiwiri ndinalipsereza. Mkazi wanga atalawa madzulo anapukuta pakamwa n'kunena kuti, “Abambo ake, ichi ngakhale ine sindingameze. Mwanayu mumukhululukire.”

Ndinapitiriza. Nthawi ndinali nayo yambiri. Mwana akagona ndinkayala mphasa pansi pa mtengo wa mapeyala n'kumasankha mtedza umodziumodzi, kutaya wonyala ndi wa chuku. Mbatata yofiira m'kati ndinkaidula mopyapyala n'kuiyanika pa malichero, nditaphimba ndi neti kuti ntchentche zisatere. Kuchigayo ndinkafika asanayambe kugaya chimanga cha anthu ena, kuti ufa wanga usasakanikirane ndi zotsalira. Kenako kusefa, kusefanso. Ndinapeza kuti nthochi yakupsa kapena mbatata ija zimatsekemeretsa phala mokwanira popanda shuga.

Mwana sanagonje msanga. Panapita masabata akulawa n'kukana, kulawa n'kukana, mkazi wanga akundiuza kuti ndisamukakamize. Ndiye m'mawa wina anameza, natsegulanso pakamwa, kenako anandilanda supuni n'kuyamba kumenya nayo mbale. Ndinamuimbira foni mkazi wanga ali pa msonkhano, iye n'kutuluka akuganiza kuti kwagwa zovuta.

Za bizinesi sindinaziganizepo. Mkazi wanga ndiye anatenga ufa pang'ono m'botolo kukapatsa mnzake wa kuofesi, mayi wa mapasa wokhala ku Area 11. Patapita masiku foni yanga inalira.

“Kodi ndikulankhula ndi bambo a phala?”

Ndinatsala pang'ono kunena kuti alakwitsa nambala. Anali mayi wa mapasa uja, ankafuna ufa wina, ndipo mnzake wa kutchalitchi ankaufunanso. Ndinayamba kumakwera minibasi mpaka ku City Centre, n'kuyenda wapansi kulowa mu Area 11, kachikwama m'manja, mwana kumsana. Kumeneko misewu ndi yachete, mipanda italiitali, ndipo agalu ankandidziwa msanga kuposa alonda. Dzina lija linafalikira lokha.

Ku sikelo nako amayi anayamba kundifunsa chimene ndikumudyetsa mwana. Ambiri ndinkangowafotokozera kakonzedwe kake, chifukwa soya ndi mtedza anali nazo kunyumba. Ena ankati alibe nthawi, amakhala tsiku lonse kumsika, choncho ndinayamba kumanga timapaketi ting'onoting'ono toti aliyense angakwanitse. Timeneti mpaka lero sindinatisiye, ngakhale kuti ntchito yake ndi yochuluka kuposa phindu lake. Mayi wachete uja ndinakumananso naye. Mwana wake anachira, kuchipatala anamusamalira bwino, tsitsi linali litayamba kuda. Anandiuza kuti akufuna ganyu iliyonse. Ndinamuitana kuti azidzandithandiza kusankha mtedza, ndipo tikugwirabe limodzi.

Apongozi anga aakazi atabwera kuchokera ku Rumphi kudzaona mdzukulu, anandipeza nditamanga chitenje m'chiuno, sefa m'manja, ufa mpaka m'nsidze. Anandipatsa moni mwaulemu, nalowa m'nyumba. Ndinawamva akufunsa mwana wawo, osatsitsa n'komwe mawu, kuti, “Sukulu yonse ija anaphunzira bambowa, mathero ake ndi sefa?” Anakhala nafe masabata angapo, akumudyetsa mdzukulu phala lomwelo. Mpaka pano tikalankhulana pafoni amandifunsa ngati ntchito yapezeka. Komabe chaka chilichonse akakolola amanditumizira thumba la mawere pa basi, n'kundiuza kuti a kumsika kuno ndi osakoma.

Bungwe lija linandiitanadi, mwana atayamba kuyenda. Lamulungu titaweruka kutchalitchi tinakhala pakhonde kukambirana. Ndinatchula zonse zimene munthu amatchula: malipiro a pamwezi, sukulu ya mwana, lendi. Mkazi wanga anamvetsera mpaka ndinamaliza.

“Zonsezo ndazimva,” anatero. “Koma kuja munkabwera madzulo osalankhula ndi munthu. Pano mumandichingamira pageti kuti mundiuze za mbatata. Malipiro angawa atisunga kaye. Yesani chaka chimodzi.”

Lolemba ndinapita kukawathokoza akuluakulu a bungwelo n'kuwauza kuti sindibwerera. Nditakwera minibasi yobwerera ku Old Town ndinapezeka ndikuganiza za kumene ndingapeze mapaketi abwino.

Zotsatira zake sizinali zofewa. Kulembetsa bizinesi kunandiyendetsa m'maofesi, ufa unayenera kukayezedwa, ndipo anandiuza kuti chakudya cha makanda sichingakonzedwere pansi pa mtengo. Ananena zoona. Tinapeza chipinda ku Old Town, kuseri kwa shopu ya telala wina, n'kuchipaka laimu, kuika mashelefu ndi mawindo a neti. Patapita nthawi tinagula kachigayo kathukathu. Masiku ena magetsi amazima ufa uli pakati, timangokhala panja kucheza ndi telala uja, nayenso makina ake ataima. Nyengo ya mvula mbatata imavuta kuuma. Chaka chimodzi chija chinadutsa osatchulidwanso m'nyumba mwathu.

Sindinalemere. Tikukhalabe ku Area 3, kungoti tinasamukira m'nyumba yokulirapo. Mwana wamkazi uja ali ku pulayimale tsopano, ndi wamtali, wothamanga, ndipo amati phala ndi la makanda, iye akufuna tchipisi. Mlongo wake wamng'ono wangoyamba kumene kudya mwezi wathawu. Ndikuyesa pa iye mtundu watsopano wothira usipa wosinja, womwe amayi ambiri akhala akundipempha. Dzulo anadya theka la mbale akundiyang'ana mokayika, kenako anakankha dzanja langa. Amake akuti usipa wachuluka. Ine ndikuganiza kuti vuto ndi kaumitsidwe kake, ndiye mawa ndipita kumsika kukafunafuna wina wouma bwino, tiyesenso.