Ndime Yosathira Feteleza

Sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Ndanena ndekha kuti wina asavutike kundikumbutsa. Zina zonse ndinaziphunzira khasu lili m'manja, pa malo ofufuzira za ulimi a m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, kumene ndinagwira ntchito ya m'munda mpaka imvi.

Chaka changa choyamba kumeneko ndinachita zopusa. Munda wa chimanga anaugawa m'ndime zing'onozing'ono, iliyonse ndi chikhomo cha nambala yake. Ndime zina tinkathira feteleza, zina ayi. M'ndime zosathirazo chimanga chinali chachikasu, chonyozoloka. Ine, mwana wa mlimi, zinandipweteka mtima. Tsiku lina akapitawo atapita kukadya, ndinatapa feteleza n'kukawaza m'menemo. Chimanga chinabiriwira. Ndinayenda modzitukumula masabata atatu, kudikira kuyamikiridwa.

Akapitawo atazindikira anavula chipewa n'kukhala pansi pamzere.

"Wachifundo iwe, wapha ntchito ya chaka chathunthu. Tidziwa bwanji tsopano kuti chakulitsa chimanga ndi feteleza, osati mvula?"

Sanandichotse ntchito. Anandiika kukhala woyang'anira ndime zosathirazo, kuti wachifundo wina asadzafikepo.

Patapita zaka zambiri, nditapuma ntchito, mlongo wanga anamwalira n'kundisiyira mbumba kwathu ku Nsaru. Mwana wake wamkazi ali ndi mtsikana, mdzukulu wanga. Nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, koma sankayankhula. Ukamuitana sankacheuka. Chigayo chikalira ankatseka makutu. Akakondwa ankakupiza manja. Chakudya chimene ankadya popanda nkhondo chinali mbatata yophika basi. Kuchipatala anati ndi otizimu: si ufiti, si matenda opatsirana, ndi mmene ubongo wake ulili. Anthu a m'mudzi, amene sanafunsidwe ndi aliyense, anali ndi mayankho ambiri kuposa adokotala.

Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi, mayi a mwanayo anafika kwanga ndi mlendo wovala taye. Mlendoyo anali ndi malo ake mu tauni osungirako ana otere. Mwana amakhala kumeneko miyezi itatu, makolo osaloledwa kumuona kuti angamusokoneze. Amamumwetsa ufa wina wa m'botolo, kumuletsa zakudya zina, mbatata ili m'gulu lomwelo, ndipo akuti amabwerako akuyankhula. Mayi ake anali atalongedza kale zovala m'chikwama. Chinatsala ndi mawu anga. Mwini mbumba ndine, ndipo mwana wa mbumba sachoka pamudzi ine ndisanavomere.

"Bambo, izi si zolota ayi," anatero mlendoyo. "Pali kafukufuku."

Anatulutsa foni. Ndinaona ana ali ndondondo pa benchi, manja pamaondo. Kenako amayi akulira, akuthokoza.

"Ndaona," ndinatero. "Nanga ndime yosathira ili kuti?"

"Ndime yanji, bambo?"

"Ana ofanana ndi awa, amene simunawamwetse ufa wanuwu. Miyezi itatu mwana amasintha ngakhale osamuchita kanthu. Iwowo anasintha bwanji?"

Anaseka, n'kuyang'ana mayi a mwana ngati akuwapepesa m'malo mwanga.

"Tingamane mwana thandizo dala? Imeneyo ndi nkhanza, bambo."

"Inenso ndinkatero. Anandikalipira."

Sanamve, ndipo sindinamufotokozere.

"Anayeza ndani kuti asintha?"

"Ine ndemwe. Ndimawadziwa mmodzimmodzi."

Kumene ndinkagwira ntchito, wogulitsa mbewu sankayandikira sikelo. Woyeza ankangoona nambala pathumba, osadziwa kuti lachokera m'ndime iti, kuopera kuti dzanja lingakondere. Ndinamuuza zimenezi. Iye anati ulimi ndi wina, ana ndi ena.

"Nanga amene anachoka miyezi isanakwane, ali m'foni momwemu?"

"Amenewo makolo awo analibe chikhulupiriro."

"Ife chimanga chowola tinkachiikanso pa sikelo."

Apa mayi a mwana analephera kupirira.

"Amalume, mwana wanga si chimanga!"

"N'chifukwa chake. Chimanga chikawonongeka umadzala china."

"Inu mumayankhula bwino poti ana anu onse anakuitanani kuti ababa. Ine ndikufuna ndimve akunditchula kuti amayi. Kamodzi kokha, amalume. N'kulakwa kodi?"

Ndinapempha foni ija kuti ndionenso. Ana aja anakhaladi mwaulemu. Palibe amene ankakupiza manja. Palibenso amene ankaseka. Ndinadzifunsa kuti kodi munthuyu akukolola chiyani kwenikweni, mawu kapena mantha? Mdzukulu wanga sakanatha kubwera kudzandiuza zimene amuchita kumeneko. Miyezi itatu, opanda mayi ake, opanda mbatata, opanda pakamwa podandaulira.

"Mwanayu sapita," ndinatero.

Mlendoyo anaimirira n'kukonza taye yake. Anati achikulire osaphunzira ndi amene akubweza dziko lino m'mbuyo. Za kusaphunzirazo ndinavomera, poti n'zoona. Ndinamuperekeza mpaka pokwerera minibasi, monga timachitira ndi alendo.

Mwezi wathunthu mayi a mwana ankandipatsa moni ali chiimire. Chikwama chija sanachimasule. Chinangokhala pakona, kuti ndikalowa ndizichiona.

Kukana n'kosavuta, aliyense angakane. Choncho tsiku lina ndinavala jekete n'kuwatenga awiriwo kubwerera kuchipatala. Kumeneko kunali mayi wina wophunzitsa ana ovutika kuyankhula. Anationetsa timakadi ta zithunzi: kapu, chimbudzi, chakudya. Mwana akafuna chinthu apereke khadi lake, mayi ake atchule dzina la chinthucho, tsiku ndi tsiku, pakhomo pomwe. Wophunzitsayo ndinamufunsa funso lomwe lija la ndime yosathira. Iye sanaseke.

"Ofufuza ena anayerekezadi magulu awiri, agogo. Koma ambiri ndi a kunja, ndipo ana ake anali ochepa. Zikuoneka kuti ana ena zimawathandiza kupempha zimene akufuna. Zoti adzayankhula, sindingakulonjezeni. Sitikudziwa."

Munthu wa taye ankadziwa zonse. Mayiyu anati sitikudziwa katatu konse tisanatuluke. Ndinakhulupirira mayiyu. Akuluakulu a kafukufuku amene ndinawatumikira zaka zonse zija ankayankhula chonchi, mpaka ife antchito tinkadabwa kuti sukulu yonseyo anaphunzira chiyani.

Tinabwera ndi timakadito. Ine za makadi ndinazisiyira mayi ake. Mbali yanga inali yomutenga mwana kumunda m'mawa uliwonse, kutali ndi chigayo. Sindinkamuyankhulitsa, nayenso sankandiyankhulitsa, choncho tinkagwirizana kwambiri. Nthawi yodzala ankaponya mbewu m'maphando mosalumpha ngakhale limodzi, bwino kuposa amuna ena amene ndinagwira nawo ntchito ya boma.

Titakolola, masana ena, mwana uja anapita kwa mayi ake atanyamula khadi. Analipereka, ndipo anatsegula pakamwa.

"Mbatata."

Sanati amayi. Anati mbatata. Komabe mayi ake analira ndi chimwemwe, ndipo madzulo ake zovala zija zinatuluka m'chikwama.

Lamulungu lotsatira, panja pa tchalitchi, ndinafotokozera akulu ampingo anzanga mmene mwanayo anayankhulira. Ndinati chinsinsi ndi kumunda: mphepo ya m'mawa, ntchito ya manja, ndi agogo osalekerera. Ndinalangiza kuti aliyense amene ali ndi mwana wotere achite zomwezo. Ankagwedeza mitu movomereza. Sindinadziwe kuti mayi a mwana ali kumbuyo kwanga. Anagwada bwinobwino, mwaulemu wonse, anthu akuona.

"Amalume, pepani, ndifunseko. Mwati chamuyankhulitsa ndi kumunda, eti? Osati makadi, osati kukula?"

"Ndatero."

"Nanga ndime yosathira ili kuti?"

Akulu ampingo anandiyang'ana, kudikira yankho la munthu wa kafukufuku. Ndinati dzuwa lakwera, tizipita.

Titafika kunyumba tinapeza mdzukuluyo atatsogola kale. Anali pakhonde, mbatata m'dzanja limodzi, linalo akukupiza.