Zimene Zili pa Swapu Sizibwerera Zokha

Amayi ndiwo anaganiza zoti ndipite ku Chipata. Anandiuza tili m'chigafa, tikusoka fodya, maso awo ali pa singano.

"Vero, ukakhale kaye kwa azakhali ako. Fodya akagulidwa ndidzakuitana, udzapitirize sukulu."

Ndinali nditangoyamba Fomu 4 kwathu ku Ludzi. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, ndipo chaka cha Fomu 4 chimenecho m'nyumba mwathu munalowa a Mbewe, mwamuna watsopano wa amayi, ndi anyamata awo awiri. Nyumba inachepa. Ndinangoti mwa tonsefe wosafunika kwenikweni ndine. Sindinafunse, poti ine kufunsa kumandivuta. Ndinapinda yunifolomu, ndinaisiya m'sutikesi ya amayi, ndinatsanzika mng'ono wanga Marita, n'kunyamuka.

Azakhali, mlongo wawo wa malemu bambo, anali ndi kafe ya intaneti pafupi ndi msika. Makompyuta ake anali akale, ndipo onse ankadalira makina amodzi a Linux okhala pansi pa tebulo. Ntchito yanga inali kusesa, kulandira anthu ndi kusindikiza mapepala. Ndinkagona pa mphasa m'kachipinda kakumbuyo, pakati pa makatoni. Mnzanga ndinalibe. Atsikana a pamsika ankaseka kalankhulidwe kanga, ndiye ndinkangolemba m'kope langa zimene ndikadawauza.

Masana anthu akadzaza, makina aja ankauma. Disiki inkangolira ngati chigayo cha kutali.

"Iwe wa ku Malawi, nthawi yanga iyenda apa!" anakuwa bambo wina tsiku lina, akumenya tebulo.

Azakhali anandikokera pa sikirini yakuda ya zilembo zoyera.

"Manje ona. Osayopa, siluma."

Analemba free -m, manambala n'kutuluka m'mizere. Anandilozera mzere wa memori, malo amene makina amagwirirapo ntchito ya nthawi yomweyo. Unali wodzaza. Pansi pake panali mzere wa swapu, kachigawo ka pa disiki kumene makina amakankhirako zinthu zimene sizikugwiritsidwa ntchito, kuti zinazo zipeze popumira. Nawonso unali utadzaza.

Tsiku limenelo tinawonjezera swapu. Tinapanga fayilo yaikulu yopanda kanthu ndi dd, tinaikonza ndi mkswap, tinaiyatsa ndi swapon. Kenako azakhali anandilembetsa mzere m'fayilo ina yotchedwa fstab kuti magetsi akazima n'kuyakanso, makina asaiwale.

"Ukalakwitsa dzina pa mkswap, wafafaniza zinthu za anthu. Uziwerenga usanadinde."

Ndine munthu wosamala, choncho ntchitoyi inandiyenera. Pasanapite nthawi azakhali anasiya kuimirira kumbuyo kwanga. Sikirini yakuda ija ndinaikonda chifukwa sinkandifunsa za kwathu.

Uthenga wa kunyumba unkabwera ndi mayi wina wa ku Kachebere, cha kwathu komweko, amene ankadzaoda kaunjika. Ndinkamupatsira sopo, shuga ndi kandalama kamene ndasunga. Yankho linali limodzimodzi: tonse tili bwino, khala kaye komweko. Fodya anagulidwa. Anzanga analemba mayeso. Mvula inagwa, fodya wina anabzalidwa, nayenso anagulidwa. Ndikamva mayi uja akulonjera pakhomo, ndinkathamangira kukamulandira, koma mawu oti bwera sanabwere.

Madzulo ena anthu atachoka ndinalemba free -m. Memori inali mbee, koma pa swapu zinthu zinali zikadalipo.

"Azakhali, malo apezeka. Bwanji sizikubwerera?"

"Sizibwerera zokha izo. Mpaka pulogalamu izifune. Ngati palibe wozifuna, zikhala pamenepo mpaka makina azime."

"Nanga munthu akafuna kuti zibwerere?"

"Ulemba swapoff. Zonse zibwerera mokakamiza. Koma ngati kumene zipita kulibe malo, makina akana."

Ndinayesa mawa lake masana, anthu ali odzaza. Makina anaganiza nthawi yaitali, kenako anakana, kuti malo palibe. Ndinayesanso madzulo, analola. Manambala a pa swapu anatsika pang'onopang'ono mpaka ziro, ine ndikuyang'ana, manja ali pachifuwa.

Sabata yomweyo mayi wa kaunjika anandiuza, ngati nkhani wamba, kuti anyamata a a Mbewe anapita kalekale kukagwira ntchito ku maesiteti a ku Kasungu. Ndiye kuti kunyumba malo analipo. Ndinapempha azakhali masiku ochepa.

"Anakuitana amayi ako?"

"Ayi."

Anangondipatsa ya thiransipoti.

Ndinafika ku Ludzi dzuwa lili pamutu. Chipinda chathu chinali chosesa bwino, muli mphasa ya Marita yokha. Amayi anali ataonda, ndipo pamwamba pa diso panali chipsera chimene sindinachisiye. Atandiona sanasekerere.

"Wakuitana ndani?"

Anandigwira dzanja mpaka kuchigafa, pamalo pomwe paja.

"Amayi, malo alipo tsopano. Ndikhoza kubwereza Fomu 4."

"Malo? Iwe unkaganiza kuti nkhani inali ya malo?" Anatsitsa mawu. "Unkaganiza kuti sindinkaona mmene bambo awa ankakutsatira ndi maso ukamachokera kumjigo?"

Ndinakumbukira zinthu zing'onozing'ono zimene ndinkadziuza kuti si kanthu.

"Bwanji osawachotsa? Mudzi uno ndi wanu, iwo ndi obwera."

"Ndinakawauza amalume ako. Anati ndikunamizira munthu wolimbika pa ntchito. Amamwera limodzi." Anakhudza chipsera chija. "Yankho la a Mbewe ndi ili."

Nthawi yomweyo Marita anatulukira ndi ndowa pamutu. Anali atatalika, atavala diresi langa lakale. A Mbewe anali pakhonde, akumata chubu cha njinga. Anasiya kumata, maso ali pa Marita. Amayi anaona, inenso ndinaona.

"Mawa m'mawa mukwere awiri," anatero amayi. "Ukawauze azakhali ako kuti ndapepesa."

Yunifolomu ija ndinaipeza m'sutikesi mmene ndinaipindira, ikununkha mankhwala a njenjete. Amayi ankaisamala. Ndinaibwezera momwemo.

Azakhali atationa pakhomo la kafe sanafunse chilichonse. Anati tisunthe makatoni, tiyale mphasa ina. Pano Marita ndiye amasesa, ine ndimakhala pa sikirini yakuda. Makina akayamba kulira ndimalemba swapon -s kuti ndione za pa swapu, ndimatseka zimene anthu asiya zotsegula, ndipo amapumako.

Dzulo tikupinda mphasa Marita anandifunsa kuti, "Achemwali, amayi atiitana liti?"

Ndinayang'ana kumakatoni.

"Fodya akagulidwa," ndinatero.