Mayi Sopo ndi mphutsi za amuna awo

Ankawatchula Mayi Sopo chifukwa mlendo akangotsanzika, iwo ankatsuka ndi mpando womwe. Ntchito yawo inali yochapa ndi kusita zovala za anthu. Amuna awo anali ndi madamu awiri a nsomba kuseri kwa nyumba, koma nsombazo, podya madeya okhaokha, zinkangokula mitu, ndipo kukazizira zinkayandama chagada.

Tsiku lina mlangizi wa zansomba anabwera ndi chidebe. Atavundukula, Mayi Sopo anadumphira m'mbuyo. Munali mphutsi zonenepa, zikupiringizana.

"Muziziweta pa zinyalala za kumsika, muziyanike, musinje, musakanize m'madeya," anatero mlangiziyo. "Nsomba zikula msanga, matenda achepa."

"Bambo a ana, zimenezi pakhomo panga ayi," anatero mayiwo.

Bambowo anamanga shedi ya mphutsi ndithu. Isanathe n'komwe kuuma dothi, anagwa pa njinga n'kuthyoka mwendo, ntchito yonse n'kugwera mkazi wawo.

M'mawa uliwonse Mayi Sopo ankamanga mpango pamphuno, kuvala majumbo m'manja, n'kukasefa mphutsi m'makoko a nthochi ndi kabichi wowola. Zina zinkakwera m'mikono, zozizira. Poziyanika fungo lake linkalowa mpaka m'nyumba, ngati mafuta okazingira amene akhalitsa. Iwo ankasanza kuseri kwa shedi, kutsuka m'kamwa, n'kupitiriza. Kasitomala wina ananunkhiza malaya ake ositidwa, osabweranso.

Chinkawapweteka kwambiri n'chakuti mlangizi uja sananame. Nsomba zinanenepa, mamba kuwala, kufa kunaleka. Akawaza chakudya, madzi ankachita ngati akuwira, tikamwa ta nsomba tikulimbirana, iwo n'kulavulira kumbali.

Tsiku lokolola, bambowo, ali pa ndodo, anasankha nsomba yaikulu n'kuikazinga okha.

"Lawani pang'ono chabe, mayi a ana. Ndi thukuta lanutu ili."

"Ndikudziwa zimene yadya. Ndinasinja ndine."

"Nanga nkhuku zija mumadya, zimadya chiyani?"

Kuyambira tsiku limenelo mayiwo nkhuku nayo anaisiya.

Mwendo utapola, bambowo anakumba damu lachitatu, ndipo mphutsi zinafunika zochuluka kuposa kale. Mayi Sopo akusefabe mpaka lero, nkhope atakwinya. Ogula amayamikira kuti nsomba zawo n'zonona, iwo amangoyankha kuti, "Akudya ndi amene akudziwa." Chiwaya chokazingira nsombazo chimagona panja, pa msomali wakewake.