Loka ya Kutsogolo

Ndinadandaula koyamba kugalaja za loka ya galimoto yanga Lolemba loyamba la Novembala, mvula isanagwe. Ndinadandaulanso mu Disembala, pakamwa ndi polemba. Makope a makalatawo ali m'chikwama changa chachikopa, pamodzi ndi lisiti ndi kabuku kamene kanabwera m'bokosi la lokayo. Ndinali kalaliki mpaka kupuma ntchito. Sinditaya pepala.

Galimoto yanga ndi yakale. Imakoka ndi matayala onse anayi, komabe tayala limodzi likatitimira m'matope limangozungulira lokha, linzake lili chiimire. Loka ndi chitsulo chimene amaika m'kati mwa difu, chimphika cha magiya chokhala pakati pa matayala awiri, kuti ukakanikiza batani, mpweya wa kompresa umange matayala awiriwo azizungulira limodzi. Yakumbuyo ndinali nayo kale. Yakutsogolo ndinaitanitsa chifukwa cha akazi anga. Ankadwala impso, ndipo msewu wochokera kwathu ku Chowe kupita kuchipatala kuboma, dzinja likafika umasanduka dimba.

Anandiikira ndi mwini galaja ina kwa Mponda. Nditafika kunyumba ndinachita zimene kabuku kanena. Ndinakweza tayala limodzi ndi jeke, n'kukanikiza batani. Kanyali kanayaka. Kompresa inalira. Tayala lija, limene limayenera kukana, ndinalizungulitsa ndi dzanja limodzi ngati la njinga.

"Ambuje, mwabweranso ndi chikwama?" anatero mwini galaja atandiona nditabwerera kugalajako. "Kodi mukamasamba mumachisiyira ndani?"

"Loka yanu siikugwira."

"Imeneyo imafuna matope, ambuje. Pa jeke imachita manyazi. Walahi, ikadzaona matope mudzabwera kudzandigulira tiyi."

"Kabuku sikakunena za manyazi."

"Analemba kabukuko anafikako ku Chowe?"

Amene ankamwa tiyi pamenepo anaseka. Ine ndinasiya kalata patebulo.

Ulendo wachiwiri galimoto inagona kugalajako. M'mawa mwake anati asintha kamphira kamene kankatulutsa mpweya. Ndinawapempha kuti alembe. Analemba kuseri kwa lisiti kuti "Yayesedwa, ili bwino," n'kusayina. Sindinaikwezenso pa jeke. Masiku amenewo ndinkangokhalira kuchipatala, ndipo pepala losayinidwa ndinali nalo.

Akazi anga anamwalira mu Febuluwale.

Manda a kwawo ali kutsidya, kummawa kwa nyanja, pafupi ndi tchalitchi chakale cha mishoni chimene tinakwatirana. Ukapatuka pamsewu waukulu pali kamtsinje kopanda mlatho. Bokosi la maliro linali kumbuyo, azichemwali awo atakhala m'mbali akuimba. Alamu anga, mlongo wawo wa malemu, anakhala nane kutsogolo. Tinalowa m'madzi bwinobwino. Potuluka tsidya linalo, matayala akumbuyo anamira mumchenga, ndipo lakutsogolo lakumanja linayamba kuzungulira lokha. Ndinakanikiza batani. Kanyali kanayaka. Kompresa inalira. Lakumanzere, limene linali pouma, silinasunthe.

Alamu anayang'ana kumwamba. "Alamu, kwada uku. Manda adzadza madzi. Isiyeni galimoto, tinyamule."

"Tsogolani, ndikupezani. Yayesedwa iyi."

"Alamu."

"Zalembedwa. Tsogolani."

Alamu ndi abale ena anasenza bokosi paphewa n'kukwera mtunda, nyimbo ikupitirira. Ine ndinabwerera m'mbuyo, ndinapita kutsogolo. Ndinaika miyala. Ndinaika nthambi. Nthawi iliyonse kanyali kankayaka, ndipo nthawi iliyonse ndinkati tsopano yagwira. Mvula inayamba. Madzi anafika pachitseko. Belu la tchalitchi ndinalimva ndili chogwada m'matope, suti yakuda ili m'thupi.

Inandikoka ndi thirakitala imene inkachokera kumunda. Ndinafika manda atakwirira kale. Nkhata zonse zinali zitaikidwa, kupatula yanga, imene mchemwali wawo wamng'ono anaigwira pansi pa ambulera. Anandipatsa, ndinaiika. Wina anandibweretsera mpando ndipo ndinakhala. Sindinalire. Ndinkayang'ana nsapato zanga.

Alamu sanandikalipire. Ananena mawu amodzi okha pondiperekeza: "Anthu akuti munasankha galimoto." Mawu amenewa tsopano ali paliponse, ngakhale kwa ana anga. Wamkulu akaimba foni amalankhula za chimanga basi. Tikakolola, abale akumana kuti akambirane zomanga chiliza, ndipo mpaka lero palibe wandiuza tsiku.

Mwini galaja anamva za maliro. Anabwera kunyumba atavala kanzu yoyera, anakhala pansi, anapepesa. Anati aikonza ulere, kapena aichotse n'kuika ina. Chikwama sanachiseke. Ndinakana zonse ziwiri. Sindikupitanso kuchipatala, ndiye loka ndichita nayo chiyani? Galimoto ili pansi pa mtengo wa mango, matope a kamtsinje kaja aumira m'matayala. Sindilola munthu kukhudza difu yakutsogolo.

Choncho m'kalata yachitatu ino ndikupempha mwaulemu eni galaja kuti abwere ndi zipangizo zawo, atsegule difu imeneyi pamaso panga ndi pamaso pa alamu anga, tione tonse ngati kapayipi ka mpweya kanalumikizidwa m'katimo. Ndikupemphanso kuti alembe ndi dzanja lawo lomwe lija ngati loka inayesedwadi tsiku limene anasayina. Yankho lifike abale asanakumane za chiliza.