Khutu Lodulidwa Pawiri

M'mawa uliwonse, asanavale magambutsi n'kuyamba kusenda zikopa, a Melvin ankaima kaye pakhola la kampani yopha ng'ombe, kuyang'ana makutu a ng'ombe zotsika pa lole ya ku Ngabu. Ankafunafuna khutu lakumanzere lodulidwa pawiri, chizindikiro cha khola la achimwene awo, a Peterson. Awiriwa anayambana kalekale pogawana ng'ombe za malemu bambo awo, moti ngakhale foni sankaimbirana. Akaliona khutulo, ankabwerera ku Mbayani, kukanyumba komwe ankakhala okhaokha, mtima uli m'malo kuti achimwene alipo.

Kampani itayamba kugulitsa nyama kunja, inauza alimi kuti asiye kudula makutu, aziikapo timapulasitiki ta manambala. Ng'ombe zonse zinangofanana.

"Madala, kumakutuko mumafunako chiyani? Nyamatu ili kumbuyo uku!" ankawaseka dalaivala wa lole.

Iwo ankangomwetulira. Chaka chinatha osalionanso khutu lija.

Tsiku lomwe ankatsanzika pantchito chifukwa cha ukalamba, a Melvin anamuitanira pambali dalaivala uja.

"Aphwanga, mukapitanso kuchigwa ku Ngabuko, mukandifunsireko ngati a Peterson akuwetabe. Koma musakanene kuti ndakutumani ndine."